Mmene Liwu Limayendera mu Mpweya, m'Madzi ndi m'Zinthu Zolimba

Chiyambi

Ife ophunzira chiyankhulo timathera nthawi yambiri pofufuza mmene munthu amatulutsira maliwu. Timaphunzira za lilime, milomo, mano, mphuno ndi kholingo, kenaka timaphunzira za khutu limene limalandira maliwuwo. Koma pakati pa pakamwa pa woyankhula ndi khutu la womvera pali ulendo umene kawirikawiri sitiulabadira. M'chimangirizo chino ndifotokoza za ulendo umenewu. Ndisonyeza mfundo zitatu. Yoyamba ndi yakuti liwu silingayende popanda chinthu choti lidutsemo. Yachiwiri ndi yakuti liwiro lake limadalira kulimba ndi kulemera kwa chinthucho. Yachitatu ndi yakuti liwu limavutika kwambiri pamalire pamene zinthu ziwiri zosiyana zakumana. Pomaliza ndionetsa kuti mfundozi zimakhudza moyo wa munthu amene mvula ya mabingu yamupeza kudambo, mayi woyembekezera amene wapita kusikelo, ndi munthu amene nyumba yamugwera.

Ndigwiritsa ntchito mawu akuti "liwu" potanthauza chilichonse chimene khutu lingamve, kaya ndi kuyankhula kwa munthu, kulira kwa ng'oma kapena kugunda kwa bingu. Mawu akuti "phokoso" ndawasiya chifukwa nthawi zambiri amanena za liwu losokosa limene munthu salifuna.

Kodi liwu n'chiyani?

Liwu lililonse limayamba ndi chinthu chimene chikunjenjemera. Woimba ng'oma akamenya chikopa, chikopacho chimalowa ndi kutuluka mofulumira kwambiri. Chikamatuluka chimakankha mpweya umene uli pafupi nacho, ndipo chikamalowa chimasiya mpata umene mpweyawo umabwereramo. Mpweya, madzi ndi zinthu zolimba zonse n'zopangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Kachidutswa kamodzi kakakankhidwa kamakankha kanzake, kanzakeko n'kukankhanso kena, mpaka kukankhanaku kufika pakhutu.

Chitsanzo chabwino ndi mzere wa anthu pachigayo. Munthu wa kumbuyo akadzandira n'kugunda mnzake, chikankhocho chimayenda mpaka kwa wa kutsogolo, koma aliyense amabwerera pamalo pake. Chimene chayenda ndi chikankho, osati anthu. Chimodzimodzinso liwu: mpweya wa pang'oma sufika pakhutu la womvera. Chimene chimafika ndi funde la kupanikizana ndi kutakasuka kwa tizidutswa tija.

Kuchuluka kwa kunjenjemeraku pa sekondi imodzi ndiko kumasiyanitsa liwu la nthetemya ndi la besi. Khutu la munthu wachinyamata limamva zinthu zonjenjemera kuyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi. Poyankhula, timinofu ta m'kholingo mwa bambo timanjenjemera pafupifupi ka 120 pa sekondi, pamene ta mayi timanjenjemera pafupifupi ka 200. Woimba ng'oma akamawamba ng'oma yake pamoto amakhala akukungitsa chikopa kuti chizinjenjemera mofulumirirapo, n'chifukwa chake liwu lake limakwera.

Ngati liwu ndi kukankhana kwa tizidutswa, ndiye kuti pamalo popanda tizidutswato sipangamveke kanthu. M'chaka cha 1660, katswiri wa sayansi Robert Boyle adafalitsa zotsatira za ntchito imene adagwira ku Oxford pogwiritsa ntchito pampu imene adapanga mothandizidwa ndi Robert Hooke. Iye adapachika wotchi m'kati mwa chibotolo chagalasi n'kuyamba kupopa mpweya kuutulutsa. Kugunda kwa wotchiyo kudayamba kuchepa mpaka kudasiya kumveka, chonsecho wotchiyo imaoneka kuti ikuyendabe. Atabwezeramo mpweya, kugundako kudamvekanso. Ichi n'chifukwa chake anthu opita kumwezi, kumene kulibe mpweya, ankayankhulana kudzera pa wailesi ngakhale ataimirira pafupi.

Liwu mu mpweya

Mu mpweya wofunda madigiri 20, liwu limayenda mamita 343 pa sekondi, kapena kuti kilomita imodzi m'masekondi pafupifupi atatu. Liwiroli ndi lalikulu, koma poliyerekeza ndi la kuwala, kumene kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, ndi la kamba. Aliyense amene adaonapo munthu akuwaza nkhuni kutsidya kwa dambo amadziwa kuti nkhwangwa imaoneka itagwa kale, kulira kwake n'kumafika pambuyo. Ching'aning'ani ndi bingu zimachitikanso nthawi imodzi, koma bingu limachedwa panjira.

Kutentha kumasintha liwiroli. Pa madigiri 0 liwu limayenda mamita 331 pa sekondi, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imawonjezera mamita pafupifupi 0.6. Choncho masana otentha madigiri 40 a m'chigwa cha Shire liwu limayenda mamita pafupifupi 355 pa sekondi, pamene m'mamawa wozizira madigiri 10 wa mwezi wa Juni ku Dedza limayenda mamita 337. Chifukwa chake n'chakuti tizidutswa ta mpweya wotentha timayenda mothamanga, motero timapatsirana chikankho msanga.

Mfundo imeneyi imafotokozanso chifukwa chake ng'oma za kutali zimamveka bwino usiku kusiyana ndi masana. Ambiri amati n'chifukwa cha bata la usiku, ndipo n'zoona, koma pali chinanso. Masana nthaka imatenthetsa mpweya wa pansi, mpweya wa m'mwamba n'kukhala wozizirirapo. Mbali ya funde imene ili pansi imathamanga kuposa ya m'mwamba, motero liwu limakhotera kumwamba n'kuwadutsa pamutu anthu a kutali. Usiku wopanda mitambo nthaka imazizira msanga, mpweya wofunda n'kukhala pamwamba. Pamenepo liwu limakhotera pansi, ndipo mudzi wa kutali umalimva.

Mtundu wa mpweya nawo uli ndi gawo. Mu mpweya wopepuka wa helium liwu limayenda mamita pafupifupi 1,000 pa sekondi, pamene mu mpweya wolemera wa carbon dioxide silifika mamita 270. Galimoto yofufuzira ya Perseverance, imene idatera pa Mars m'chaka cha 2021, idali ndi timaikolofoni, ndipo akatswiri adapeza kuti kumeneko liwu limayenda mamita pafupifupi 240 pa sekondi, chifukwa mpweya wake ndi wozizira komanso pafupifupi wonse ndi carbon dioxide.

Liwu likamafalikira mbali zonse mphamvu yake imagawikana, n'chifukwa chake limachepa ndi mtunda. Komabe liwu lamphamvu limafika kutali modabwitsa. Phiri la Krakatoa ku Indonesia litaphulika m'chaka cha 1883, kugunda kwake kudamveka pachilumba cha Rodrigues m'nyanja ya Indian, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,800, patadutsa maola anayi.

Liwu m'madzi

Anthu ambiri amaganiza kuti pansi pa madzi ndi pachete. Zoona zake n'zakuti liwu limayenda mofulumira ndiponso kutali m'madzi kusiyana ndi mu mpweya. M'chaka cha 1826, Daniel Colladon, amene ankagwira ntchito ndi mnzake Charles Sturm, adayeza liwiroli panyanja ya Geneva. Adaimika mabwato awiri motalikirana makilomita opitirira 13. M'bwato loyamba adamiza belu m'madzi, ndipo adalumikiza nyundo yake ndi onga wamfuti kuti belu likamagundidwa ongawo uziyaka nthawi yomweyo. M'bwato lachiwiri, Colladon adamiza chitoliro chokhala ngati lipenga n'kuika khutu kumapeto kwake. Akaona kuwala ankayamba kuwerenga nthawi mpaka belu litamveka. Adapeza mamita 1,435 pa sekondi m'madzi ozizira madigiri 8, nambala imene ili pafupi kwambiri ndi imene makina amakono amapeza. M'madzi ofunda madigiri 20 liwiroli limafika mamita pafupifupi 1,480, kuposa kanayi liwiro la mu mpweya.

Apa pamabuka funso. Taona kuti mu mpweya wolemera liwu limachedwa. Nanga bwanji m'madzi, amene ndi olemera ka 800 kuposa mpweya, likuthamanga? Yankho lake ndi lakuti pali zinthu ziwiri zimene zimalimbana. Kulemera kumachedwetsa liwu chifukwa chinthu cholemera chimavuta kusuntha. Kukana kupanikizika kumalifulumizitsa chifukwa chinthu chosapanikizika chimapereka chikankho kwa chinzake mosataya nthawi. Munthu akatseka kukamwa kwa pampu ya njinga ndi chala, akhoza kukankhabe mpini wake chifukwa mpweya umalola kupanikizika. Akathiramo madzi, mpiniwo susuntha. Madzi amakana kupanikizika pafupifupi ka 15,000 kuposa mpweya. Tikagawa 15,000 ndi 800 timapeza pafupifupi 19, ndipo nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 19 ndi 4.3. Ndiko kusiyana kumene kulipo pakati pa mamita 1,480 ndi 343.

Nzeru imeneyi ndi imene amagwiritsa ntchito poyeza kuya kwa nyanja. Makina a m'sitima amatumiza liwu pansi n'kuwerenga nthawi imene latenga kuti libwerere. Pamalo pozama kwambiri pa Nyanja ya Malawi, cha kumpoto, ndi pakuya mamita pafupifupi 700. Liwu limapita ndi kubwera, ulendo wa mamita 1,400, sekondi imodzi isanakwane. Makina omwewa amaonetsanso pamene pali gulu la nsomba, chifukwa kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba kamabweza liwu mwamphamvu.

Nsomba nazo zimamva. Asodzi amene amamenya madzi ndi nkhafi kuti nsomba zithawire kuukonde amadalira zimenezi. Akatswiri adapezanso kuti mbuna zamphongo za m'Nyanja ya Malawi zimatulutsa timaliwu tapansipansi pokopa zazikazi. M'nyanja zamchere muli mpata wina, pakuya pafupifupi kilomita imodzi m'madera ofunda, umene umasunga liwu kuti lisathawire kumwamba kapena pansi. Maurice Ewing ndi J. Lamar Worzel adauyesa m'chaka cha 1944, ndipo zidadziwika kuti liwu la besi likhoza kuyenda makilomita zikwizikwi mumpata umenewu.

Komabe munthu wosambira pansi pa madzi amalephera kudziwa kumene liwu likuchokera. Pamtunda ubongo umayerekeza nthawi imene liwu lafikira kukhutu lamanja ndi lamanzere. M'madzi kusiyanaku kumachepa kanayi, komanso liwu limalowa kudzera m'chigaza chonse. Wosambira akhoza kumva injini ya boti koma osadziwa mbali imene botilo likudzera, ndipo izi n'zoopsa pamalo pamene pamadutsa maboti.

Liwu m'zinthu zolimba

M'zinthu zolimba tizidutswa tija ndi togwirana, choncho kakasuntha kamodzi anzake amasuntha nthawi yomweyo. M'chitsulo liwu limayenda mamita pafupifupi 5,000 pa sekondi, ka 15 kuposa mu mpweya. M'chaka cha 1808, Jean-Baptiste Biot adagwiritsa ntchito mipope yachitsulo ya madzi mumzinda wa Paris, yotalika mamita 951, isadadzazidwe madzi. Kumapeto kwina kukagundidwa, womvera kumapeto enawo ankamva kugunda kuwiri. Koyamba kunkadzera m'chitsulo, kwachiwiri mu mpweya wa m'kati mwa mpope, patadutsa masekondi awiri ndi theka.

Lamulo lija la kulimba ndi kulemera likugwiranso ntchito pano. Chitsulo ndi cholemera pafupifupi ka 8 kuposa madzi, koma ndi cholimba pafupifupi ka 90, choncho kulimba kumapambana. Ndikuona kuti m'pofunika kutsindika mfundoyi chifukwa ophunzira ambiri amaloweza kuti "chinthu chikakhala cholemera liwu limathamanga", zimene si zoona. Mtovu ndi wolemera kuposa chitsulo, koma ndi wofewa, ndipo mundodo ya mtovu liwu limayenda mamita pafupifupi 1,200 okha pa sekondi, kuchepera liwiro la m'madzi. Mtengo wouma, umene umayandama pamadzi, umayendetsa liwu mamita 3,000 mpaka 5,000 pa sekondi motsata utali wake.

Ana amene amapanga lamya ya zitini ziwiri ndi ulusi amatulukira lamuloli paokha. Ulusi ukakhala wokungika, kunong'ona kumamveka kuchitini chinacho. Ukakhwefuka, kapena wina akaugwira pakati, sipamveka kanthu. Ulusi ndi womwewo, chimene chasintha ndi kukungika kwake.

Si zolimba zonse zimene zimapititsa liwu. Zinthu zofewa ndi zokhala ndi timipata tambiri ta mpweya, monga thonje, bulangete, mchenga ndi udzu, zimameza mphamvu ya liwu n'kuisandutsa kutentha kochepa zedi. N'chifukwa chake mvula ikamagwa padenga la malata mphunzitsi amasiya kuphunzitsa, pamene m'nyumba ya udzu anthu amapitiriza kucheza. Lata ndi lopyapyala ndi lolimba, motero limanjenjemera lonse ngati chikopa cha ng'oma.

Zinthu zolimba zili ndi khalidwe linanso limene madzi ndi mpweya zilibe. Zimanyamula mafunde a mitundu iwiri: okankha kutsogolo ndi kumbuyo, ndi ogwedeza cham'mbali ngati chingwe chimene wina akuchipukusa. Chivomezi chimatulutsa mitundu yonse iwiri. Mafunde okankha amathamanga makilomita 5 mpaka 8 pa sekondi m'miyala ndipo amayamba kufika, ogwedeza n'kumatsatira. Poyeza mpata wa nthawi pakati pa awiriwa, akatswiri amadziwa kutalika kwa pamene chivomezi chayambira. Umu ndi mmene amapezera gwero la zivomezi ngati zimene zidagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009. Popeza mafunde ogwedeza cham'mbali sadutsa m'zinthu zamadzimadzi, Harold Jeffreys adatsimikiza mu 1926 kuti m'kati mwa dziko, kuyambira pakuya makilomita 2,900, muli chitsulo chosungunuka. Mu 1936 Inge Lehmann wa ku Denmark adapeza kuti pakatikati penipeni pali chigawo china chosiyana, chimene pambuyo pake chidadziwika kuti ndi cholimba. Palibe munthu adafikako, koma mafunde adatiuza.

Njovu nazo zimagwiritsa ntchito nthaka. Mu 1984 Katy Payne adatulukira kuti njovu zimatulutsa maliwu a besi otsika kwambiri moti munthu sawamva. Pambuyo pake Caitlin O'Connell-Rodwell, pofufuza ku Etosha m'dziko la Namibia, adasonyeza kuti njovu zimazindikira maliwu otere akamayenda m'nthaka kudzera m'mapazi awo.

Pamalire a zinthu ziwiri

Ngati liwu limayenda bwino m'madzi, n'chifukwa chiyani munthu amene wamira samva mnzake akumuitana pagombe? Vuto lili pamalire. Liwu likachoka mu mpweya n'kugunda pamwamba pa madzi, gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000 a mphamvu yake ndi limene limalowa. Lotsalalo limanjanja n'kubwerera kumwamba. Mpweya ndi wopepuka ndi wofewa kwambiri moti sungathe kukankha madzi mokwanira. Zinthu ziwiri zikasiyana kwambiri pa kulemera ndi kulimba, liwu lochuluka limabwerera. Ndi zomwezi zimene zimachitika munthu akafuula pafupi ndi thanthwe n'kumva liwu lake likumuyankha.

Khutu la munthu lidapangika mothana ndi vuto limeneli. Liwu limafika kudzera mu mpweya, koma mbali imene imamva, yopindika ngati chigoba cha nkhono, ndi yodzaza ndi timadzi. Pakati pake pali kachikopa kopyapyala ndi tifupa titatu tating'ono kwambiri m'thupi lonse. Kachikopako kamasonkhanitsa mphamvu pamalo otambalala, tifupato n'kuipanikizira pakazenera kakang'ono, motero chikankhocho chimakula pafupifupi ka 20. Choncho mawu aliwonse amene timamva amadutsa mu mpweya, m'fupa ndi m'madzi asadafike kuubongo. Mafinya kapena madzi akadzaza pamalo a tifupawa, monga zimachitikira ana odwala khutu, mwana amamva movutikira ndipo akhoza kutsalira m'kalasi aphunzitsi n'kumamuyesa wamwano.

Izi zikufotokozanso chifukwa chake munthu amadabwa akamva mawu ake ojambulidwa. Tikamayankhula timadzimva kudzera mu mpweya komanso m'mafupa a mutu, ndipo mafupawa amapititsa bwino maliwu a besi. Makina ojambulira amatola za mu mpweya zokha, zimene ndi zomwe anzathu amamva masiku onse.

Kuchipatala mfundo ya malireyi imagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Mu 1816 dokotala René Laennec wa ku Paris adapinda pepala ngati chitoliro n'kuliika pachifuwa cha wodwala, ndipo adamva mtima bwino lomwe. Apa ndi pamene padayambira chipangizo chimene madokotala amakoleka m'khosi. Kalipenga kamene azamba amagunditsa pamimba pa mayi woyembekezera kuti amve mtima wa mwana kadapangidwa ndi Adolphe Pinard mu 1895, ndipo sikafuna magetsi kapena mabatire. Pojambula mwana m'mimba ndi makina a sikani, amayamba apaka mafuta oterera pakhungu. Mafutawo si mankhwala. Ntchito yake ndi kuchotsa mpweya pakati pa makina ndi khungu, chifukwa mpweya ngakhale wochepa ungabweze pafupifupi liwu lonse lisadalowe m'thupi.

Phindu la kudziwa zimenezi

Phindu loyamba ndi lokhudza mphezi. Munthu akaona ching'aning'ani awerenge masekondi mpaka bingu litamveka, ndipo agawe nambalayo ndi 3. Yankho lake ndi makilomita. Masekondi 6 ndiye kuti mphezi yagwa makilomita awiri okha. Bingu silimveka kawirikawiri kupitirira makilomita 15, ndipo mphezi ikhoza kugwa pamtunda ngati womwewo kuchokera pamene pali mvula. Tanthauzo lake ndi lakuti aliyense amene akumva bingu ali kale pamalo pamene mphezi ingafike. Achoke kumunda, pabwalo la mpira, panyanja kapena pansi pa mtengo, alowe m'nyumba, ndipo adikire mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza.

Lachiwiri ndi lokhudza munthu amene wakwiririka ndi nyumba kapena dothi. Kufuula kumatha mphamvu, kumalowetsa fumbi m'mapapo, ndiponso liwu lochokera mu mpweya limabwerera likagunda khoma. Kugogoda mpope, chitsulo kapena khoma ndi mwala kumalowetsa liwu m'chinthu cholimba mwachindunji, ndipo limayenda kutali. Pa chivomezi cha ku Turkey ndi Syria mu Febuluwale 2023, opulumutsa anthu ankaimitsa makina ndi kulamula kuti aliyense akhale chete kuti amvetsere kugogoda kotere.

Lachitatu ndi chenjezo. N'zoona kuti njanji imanjenjemera sitima isadaoneke, koma kuika khutu panjanji ndi kuseweretsa moyo, chifukwa sitima siima msanga ngati galimoto.

Mathero

M'chimangirizo chino ndasonyeza kuti liwu ndi chikankho chimene tizidutswa ta chinthu timapatsirana, ndipo popanda chinthucho palibe liwu. Limayenda mamita 343 pa sekondi mu mpweya, 1,480 m'madzi ndi 5,000 m'chitsulo, chifukwa kulimba kumalifulumizitsa pamene kulemera kumalichedwetsa. Ndasonyezanso kuti chopinga chachikulu ndi malire a zinthu zosiyana, ndipo khutu, kalipenga ka mzamba ndi mafuta a sikani zonse ndi njira zoolotsera liwu pamalire otere. Maganizo anga ndi akuti mphunzitsi safunika zipangizo zodula kuti aphunzitse mutuwu. Ng'oma, zitini ziwiri ndi ulusi, ndowa ya madzi ndi miyala iwiri yogundanitsa m'katimo, komanso desiki loti mwana aikepo khutu mnzake akukanda kumapeto kwake, n'zokwanira kuti ophunzira adzimvere okha kusiyana kwa njira zitatuzi.